Nkhuku ya mai Amália

Tsangano, 4 Marso 1985

Mwana wanga Leonor,

Kodi muli bwanji ku Teteko, iwe, amuna ako ndi ana? Kuno tilipo. Mfuti zikumvekera kutali, cha ku Macanga. Amai ako mwendo uja ukuwavutabe. Akulemba ndi aphunzitsi a Simão, koma mawu ndi anga, ndawauza asakometse.

Ukudziwa kuti anthu anandisankha pokweza manja kukhala woweruza pa tiribunali, bwalo la milandu la mudzi wathu. Tsikulo akuluakulu anati woweruza saopa munthu, amaopa lamulo lokha. Ndinasunga mawuwo.

Mwezi watha mai Amália, amasiye aja, anasumira sekeretale wa mudzi, Avelino, kuti anakagulitsa ku Ntcheu chimanga chimene chinabwera kudzathandiza othawa nkhondo ngati iwo. Mlandu usanayambe, Avelino anatumiza mbuzi kwathu. Ndinaibweza ndi chingwe chake chomwe. Mboni zinalankhula, ndipo oweruza atatu tinagamula kuti abweze chimangacho.

Patapita masiku awiri mai Amália anabwera ndi nkhuku yathadzi, kudzatseka mlandu monga tichitira kuyambira kale. Ndinalandira. Iwe ukanakana? Kukana nkhuku yotere nkunena kuti mlandu sunathe.

Tsopano Avelino wakanena ku disitiritu kuti ndinagulidwa. Kunabwera munthu pa njinga yamoto, nati chigamulo chathu chafafanizidwa, ndipo Lachisanu lomaliza la mwezi uno ndiime pamaso pa anthu, ndivomere ziphuphu. Ndinamufotokozera za mbuzi. Anati, "Kamarada, mbuzi sitikuiona. Nkhuku tikuiona." Za chimanga sanatchule.

Apa mutu wanga waima. Mbuzi inabwera mlandu usanayambe, nkhuku utatha. Kodi kusukulu saphunzitsa kusiyana kwake? Nanga lamulo ndimaliopa lija ndi liti, lili m'buku kapena linabwera pa njinga?

Iwe umalemba makalata kukhoti lalikulu. Undifunsireko kwa akulu ako, uyankhe msanga. Ngati ndalakwa ndivomera, koma andionetse pomwe ndalakwira. Ndikangovomera, dzina langa lapita, chimanga cha amasiye chapitanso.

Nkhukuyo ndinayesa kuibweza. Mai Amália analira, nati ndiye kuti nanenso ndawataya. Ndinabwerera nayo. Ili pakhonde, yomangidwa mwendo, ndipo yaikira mazira asanu. Sitinadye ngakhale limodzi. Ufunsenso kuti mazirawo ndi a yani.

Upereke moni kwa apongozi. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo wako, chala changa chili pansipa,
Zacarias