Ndati Adadi, Mwana Wawo Ali Pomwepo

Lachinayi, 6 Novembala, Salford. Mvula tsiku lonse, miyendo ikuwawa.

M'chipinda tinalimo ine, a Harold amene ndimawasamalira poti akalamba ndipo amaiwalaiwala, ndi mwana wawo, a Joan, amene abwera koyamba chiyambireni ine ntchito pano. A Harold anali katswiri wa mafilimu akalekale, koma mowa unawachotsetsa ntchito, ndipo banja analithawa a Joan ali aang'ono.

Pa TV amaonetsa filimu yawo, iwo atanyamula kamwana paphewa. Ndalowa ndi tiyi n'kunena kuti, "Adadi, imwani asanazizire." Munthu wamkulu sindingamutchule dzina. Amwetulira, andigwira dzanja.

A Joan andiyang'anitsitsa. "Mwati Dadi? Ali ndi mwayi. Ine ndinaleka kalekale. Kamwana ka mufilimuko kanawadyerera kuposa ine."

Ndayesa kufotokoza kuti kwathu ndi ulemu chabe, koma Chingerezi chandithawa. Atenga jasi lawo n'kutuluka osatsanzika.

Kenako a Harold andifunsa kuti mayi aja anali ndani. Ndati mwana wanu, abweranso Lamlungu. A Joan sananene zimenezo. Lamlungu ndili pa ntchito, ndipo sindikudziwa kuti ndikawauza chiyani.