Mawondo a Amayi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, nkhungu sinachoke paphiri.

Masana tinayeserera sewero lija la banja lotsekeredwa m'nyumba mwawo ndi akaidi othawa kundende. Ine ndine mayi wa m'nyumbamo. Fulugensiyo, yemwe akusewera mkaidi, anakuwa kuti akufuna madzi. Ndinangozindikira ndagwada, kapu ili m'manja awiri. Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Asisitere otiphunzitsa sewerolo anati, "Rozina, munthuyu waloza mwana wako ndi mpeni! Ponya kapuyo patebulo!" Tinabwereza, ndinagwadanso.

Sindinawauze chifukwa chake. Tsiku limene anyamata a chipani anabwera kwathu ku Mayani kudzatenga abambo, amayi anayalira anyamatawo mkeka n'kuwapatsa thobwa atagwada. Atapita nawo, amayi anandiuza kuti, "Wolowa pakhomo pako ndi mlendo, ngakhale abwere ndi chingwe." Kenaka anatsikira kudimba kukathirira kabichi, ine pambuyo ndi ndowa. Fungo la dothi lonyowa lija ndikulimvabe. Amayi ndawasowa kwambiri.

Asisitere akuti ndikagwadanso mawa, gawoli apatsa wina. Kapuyo ndiponya ndithu. Koma mawondowa ndi a amayi, kaya andimvera...