Amuna anga afufuta mbiri ya malemu bambo anga

Aphungu,

Papita masiku asanu chichitikireni nkhaniyi koma mtima wanga sunakhazikike. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nkhata Bay, ndipo ndakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi. Amuna anga, a Lumbani, ndi kalaliki pa ofesi ina pa boma pano. Ndi munthu wofatsa, samwa mowa, sanandikwezerepo mawu. Matenda awo ndi kompyuta.

Kompyutayo anatitumizira ndi alamu anga kuchokera ku Joni mu 2005. Chaka chatha amuna anga anadziwana ndi anzawo ena a ku Mzuzu okonda chinthu chotchedwa Linux. Akuti ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma yaulere, yoti aliyense angathe kuikopera, kuigawa ndi kuisintha mmene akufunira. Ma CD ake amabwera pa positi, ndipo iwo amawagawa ngati timapepala ta uthenga wabwino. Ndinawauza kangapo kuti achite zimenezo kwina, kompyuta ya panyumba asaikhudze.

Ndinali ndi chifukwa. Bambo anga, a Reuben, anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri akugwira ntchito ku Harare ndi ku Joni. Kwa miyezi isanu ndi inayi, Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ankabwera kwathu kuchokera ku Chikale, n'kukhala pampando pafupi ndi ine. Iwo ankalankhula m'Chitonga, ine n'kumatayipa. Anandiuza mmene anayendera ulendo woyamba, mayina a abale amene anatchona, ndi malo amene mng'ono wawo anaikidwa, omwe m'banja mwathu palibe wina ankawadziwa. Zinakwana masamba 140. Anamwalira mu February. Ndinalonjeza abale anga kuti tsiku lovundukula chiliza, mu August akubwerayu, aliyense adzalandira buku lake.

Loweruka lapitali ndinapita ku msonkhano wa Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi kwathu. Pobwerako masana ndinapeza galasi la kompyuta lasanduka lofiirira, zonse zachilendo. Amuna anga akumwetulira anati, "Mayi a Jenny, lero tamasuka. Mavairasi aja atha, ndaikamo Linux ya Ubuntu."

Ndinafunsa za mbiri ya bambo ija kuti, "Nanga za ada zili kuti?"

Iwo anati, "Musade nkhawa, zonse ndasunga pa fulashi."

Tinalowetsa fulashiyo. Mayina a mafayilo analipo ndithu, koma palibe ndi imodzi yomwe inatseguka. Anayesa mobwerezabwereza. Kenako anaimbira foni mnzawo wa ku Mzuzu, a Watson, amene amadziwa kwambiri zimenezi. Ndinamva ndi makutu anga a Watson akuti, "Achimwene, zimene mwakoperazo ndi tizizindikiro tongolozera pomwe panali fayilo. Mwasunga chikwangwani, nyumba yeniyeniyo mwagwetsa."

Aphungu, sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangoima, yunifolomu ya Umanyano ili m'thupi. Amuna anga anakhala pansi pasimenti, manja ali kumutu.

Chimene chandidzidzimutsa koposa ndi cha tsiku lotsatira. Ndinawapeza ali pa kompyuta pomwepo, akuikamo mapulogalamu ena, ati akufuna kubweza zomwe zatayika. Anapepesa, inde, koma anawonjezera kuti, "Komabe Linux sinalakwe, Windows ija ikanatiwonongera tsiku lina." Bambo anga afa kachiwiri m'nyumba mwanga, munthu akuteteza pulogalamu? Ndinazula chingwe cha magetsi, ndipo mpaka lero ndikuyenda nacho m'chikwama.

Abale anga sindinawauze. Dzulo ndinakumana ndi mkulu wanga Magret pa msika, anandifunsa za bukulo, ine n'kunama kuti latsala pang'ono. Amuna anga sindikuwalankhula, ndipo maganizo olongeza katundu akundibwerera. Kodi mawu a bambo anga angabwererenso? Nanga munthu wotereyu ndimukhululukire bwanji?

J. M., Nkhata Bay

Mayi J. M.,

Pepani kwambiri. Inenso nditawerenga kalata yanu ndinaiika kaye pansi. Mwataya chinthu chachikulu, ndipo musalole wina aliyense kukuuzani kuti ndi mafayilo chabe.

Koma chingwecho munachita bwino kuzula, mwina kuposa mmene mukudziwira. Ndafunsa katswiri wa makompyuta, ndipo wandiuza kuti chinthu chikafufutidwa sichichoka chonse nthawi yomweyo. Chimakhalabe m'kati mwa hadi disiki, kachipangizo kosunga zonse, mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ndiye kuti nthawi iliyonse amuna anu akayatsa kompyutayo kapena kuikamo pulogalamu ina, akukwirira mawu a bambo anu. Isayatsidwenso. Inyamuleni yonse, mupite nayo ku Mzuzu kwa munthu amene ntchito yake ndi yobweza mafayilo otayika, ndipo mumufunse kaye ngati anaichitapo. Mumuuze dzina la fayilo ndi mawu angapo a Chitonga amene mukukumbukira kuti alimo, chifukwa adzafufuzira pamenepo. Sindikulonjezani kuti zonse zibwerera. Mwina mupeza masamba onse, mwina zidutswa, mwina osapeza kanthu. Pitani mukudziwa zimenezo.

Pakadali pano khalani pansi muganize. M'miyezi isanu ndi inayi ija, simunapulinteko masamba ena kuti bambo aone? Simunatumizeko wachibale pa imelo? Palibe disiketi yakale m'kabati, kapena kompyuta ya kusukulu imene munatsegulirapo fayiloyo? Anthu ambiri amapeza theka la zotayika m'malo otere.

Tsopano za amuna anu. Pa mfundo imodzi akunena zoona: Linux sinalakwe. Anthu ambiri akuigwiritsa ntchito bwinobwino, ndipo ikanatha kuyesedwa kuchokera pa CD pomwepo osafufuta kanthu, kapena kuikidwa pambali pa Windows, ziwirizo n'kumakhalira limodzi. Amene analakwa ndi iwo. Munawakaniza, anadikira kuti muchokepo, n'kuchita. Kulephera kukopera fayilo ndi ngozi, koma kudikira kuti mkazi apite ku Umanyano si ngozi. Auzeni zimenezi maso ndi maso, chifukwa kukhala chete kwanu kukuwapatsa mpata wobisala kumbuyo kwa pulogalamu. Munthu amene amalalikira za ufulu wosankha ayenera kuyamba ndi kulemekeza chisankho cha mkazi wake.

Komabe katundu musalongeze. Mwanena nokha kuti ndi munthu wabwino, ndipo munthu amene anakhala pansi manja kumutu akudziwa chimene wachita. Mawu aja oteteza Linux ndikuwaona ngati manyazi. Kukhululuka musakufulumizitse, koma apatseni ntchito. Kompyuta anyamule ndi iwo popita ku Mzuzu, inu muli pomwepo. Kwa abale anu mupite awiri, ndipo chimene chinachitika anene ndi pakamwa pawo. A Magret auzeni zoona sabata ino. Bodza limenelo likafika mu August, mlandu udzasanduka wanu.

Mtsogolomu gwirizanani kuti chinthu chofunika chizisungidwa malo atatu: pa kompyuta, pa CD kapena fulashi, ndi papepala. Mukakopera, tsegulani kaye pa kompyuta ina muone ngati chilipodi. Akafuna zoyesayesa, apeze kompyuta yawo yakale yoseweretsa.

Chenjezo langa ndi ili: musakhale pansi kudikira yankho la katswiri. Inu ndi amene munamva nkhani zonsezo ndi makutu anu. Gulani kope lero, muyambe kulemba ndi cholembera zimene mukukumbukira, kuyambira ndi dzina la malo aja amene abambo anu aang'ono anaikidwa. Kenako fufuzani amene atsala a msinkhu wa bambo anu, kaya ndi alongo awo, kaya anzawo amene anakwera nawo sitima ya ku Joni, muwayendere, amuna anu atanyamula kopelo. Kompyuta yozimitsidwa mudzaipeza mmene munaisiyira ngakhale patapita miyezi itatu. Za okalambawo sindingakulonjezeni.

Aphungu