Mwana wa Moven alibe dzina

Matero, Lusaka

Okondedwa achimwene a Silas,

Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera ku Katete. Kodi miyendo ya amayi yaphwa? Akudya? Kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndinama. Chiikireni Moven m'manda sindikhazikika. Buku ndimatsegula n'kutsekanso, ndimasesa posesa kale, ndipo ndikaweruka kusukulu ndimangozungulira m'komboni ngati ndataya kanthu.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlamu wanu Ketty, mkazi wa Moven, wachira. Mwana ndi wamwamuna, wathanzi, miyendo italiitali ngati bambo wake. Mchombo unagwa, koma dzina alibe. N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, chifukwa pafoni mukanandidula ndisanamalize.

Pamaliro munanena pamaso pa anthu kuti akabadwa wamwamuna adzatchedwa Moven, kuti dzina la mng'ono wanu lisafe. Inenso ndinavomereza. Kutcha mwanayu dzina ndi udindo wanu, sindikukulandani.

Koma achimwene, dzinali kumudzi limamveka mwina, kuno mwina. Kwanuko Moven ndi uja munkamumvera pawailesi pagolosale, akumwetsa zigoli ndi mwendo wamanzere. Kuno Moven ndi uja anamenya oimbira mpira, ba Kasonde, n'kuwaponda kumaso atagwa kale. Diso lawo lija silinaonenso. Mukalemba dzina lake pafoni, choyamba kubwera ndi kanema wa tsiku limenelo. Zigoli mumachita kuzifunafuna pansi.

Sabata yatha ndinadutsa pabwalo pomwe ana amasewera mpira wamapepala. Wina atatchera mnzake mwendo, onse anayamba kukuwa dzina la mlongo wanga, kwinaku akuseka. Ana oti sanamuonepo akusewera. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndikanati chiyani? Wometa wa pakona paja, amene anajambula nkhope ya Moven pakhoma, anaifafaniza ndi penti kalekale. Nditamufunsa anandiyankha mwaulemu kuti ba Moven anali chilombo pabwalo, manje vuto ni yakuti uchilombowo anali kupita nawo na kunyumba.

Wometayo sananame. Dzino lija Ketty ankati linaguluka atagwa pa minibasi, si minibasi. Wandiuza dzana tikuchapa matewera. Akuti chimuletsereni kusewera, Moven ankabwera ataledzera, ndipo wina akamunyoza kumowa, wolipira anali Kettyyo. Akuti mwamuna wake wamulira ndi mtima wonse, koma sangathe kudzutsa mwana m'mawa uliwonse ndi dzina loti akangolimva mapewa amakwera okha. Sanalire pondiuza. Anangopitiriza kufinya thewera.

Amayi ake a Ketty, amene anabwera kuchokera ku Kasama kudzamusamala, anena poyera kuti tikakakamiza, atenga mwana wawo ndi mdzukulu yemwe, apite nawo. Si oopseza chabe. Dzulo ndinawapeza akufunsa tsiku lomwe basi imanyamuka. Akapita uko, amayi athu adzamuona liti mwanayu?

Musaganize kuti ndikumunyoza malemu. Ndine ndinkamubereka kumbuyo popita kudimba. Malata ali panyumba ya amayi anakhoma ndi iye, ndipo nthawi yomwe ndinadwala anasiya timu ili paulendo kudzandigoneka kuchipatala. Kale ndikamawerenga mbiri za anthu otchuka ndinkati olemba ndi ankhanza, bwanji osangosiya zoipazo munthu atapita. Tsopano sindikudziwa. Mukukumbuka mmene anthu anatsokomolera m'tchalitchi abusa atanena kuti anali munthu wofatsa? Madzi akatayika saoleka. Ife tidzamukumbuka yense, koma Matero anasankha kale chokumbuka, ndipo mwanayu sukulu adzaphunzira ku Matero konkuno.

Pempho langa ndi limodzi. Tumizani dzina lina. Kaya la malemu atate, kaya la m'Baibulo, kaya lomwe amayi angakonde. Ketty akuti lililonse lochokera kwa inu alilandira ndi manja awiri, ndipo akufuna ndithu kuti lichokere kwa inu, osati kwawo. Amayi muwafotokozere nokha, pang'onopang'ono. Za dzino muone inu ngati n'zoti amve.

Musachedwe, chonde. Pakali pano tonse tikungomuitana kuti iwe, ndipo ndikuopa azolowera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo ali ndi mphumi yawo. Moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali a ku Chadiza mukawaona, ndi kwa ana onse. Ketty akuti ndikulonjereni.

Ine mlongo wanu, wodikira yankho,

Ennie