Zimene Dokotala Kessler Anaona

Lachisanu, 7 Febuluwale

Tamuika mwamuna wanga Wendell lero. Chisanu choopsa, nthaka yolimba gwa, manda anachita kukumba ndi makina. Firiji yadzaza mbale za makaroni ndi nyama ya nkhumba zochokera kwa amayi a kutchalitchi. Sindinalawe.

Anthu asanavule n'komwe majekete, alamu anga awiri anali atayamba kale mkangano wawo wa masiku onse. Maxine anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, ku Sarnia, ndiye amadziyesa kazembe wa dziko la Canada. Akuti kwawoko opaleshoni ya bondo mkulu wawoyu akanachitidwa osatulutsa kalikonse. Duane akuti eya, akanadikira mpaka bondo linalo litaola. "Kwanuko mumafera pamzere," anatero Duane, keke ili m'kamwa. Maxine naye: "Kwanu kuno mumafa msanga, bilu n'kukulondolani kumanda." Anaseka onse awiri. M'khitchini mwanga, maluwa a pamaliro ali pathebulo.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikumva nyimbo imeneyi. Kale Wendell ankanditsinzinira diso ikayamba.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndilembe zimene ndikudziwa. N'zochepa.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lachitatu m'mawa namwino anati atuluka masana, ndipite kunyumba ndikatenge thalauza lotakasuka chifukwa jinzi silingadutse pabandeji. Ndinamusiya akunyoza khofi wa m'chipatala. Pobwera, chitseko chotseka. Mtsikana wina anandilowetsa m'kachipinda ka maluwa apulasitiki. Magazi oundana, akuti, anachoka kumwendo n'kukatseka m'mapapo.

Dokotala Kessler, amene anamuchita opaleshoni, anali m'chipindamo pamene zinkachitika. Anatuluka maso ali psuu. Anandigwira manja onse awiri, thalauza lili m'khwapa mwanga. Anati maliro akatha ndipite tikakhale pansi, adzandiuza zonse. Andipatsa Lachinayi la sabata yamawa.

Sindikufuna zonse. Kodi Wendell anali maso? Anadziwa kuti akupita? Anandiitana? Basi. Ndikadya, ndikagona, funso ndi lomweli.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Bilu yafika. Yafulumira kuposa makhadi opepesa. Masamba ambirimbiri, m'bulu uliwonse wa mankhwala ndi mtengo wake, ngakhale masokosi amene anamuveka. Inshuwalansi ilipira gawo lalikulu, chotsalacho ndi changa, ndipo n'chokwanira kugula galimoto yakale. Pansi pake alemba kuti akuthokoza posankha chipatala chawo. Posankha.

Masana ndinapita kulaibulale. Ndagwirako ntchito moyo wanga wonse, ndiye miyendo inangondifikitsa. Ndinakhala pakona ndi malipoti oyerekeza zipatala za m'mayiko. Japan, France, Taiwan. Ife kuno timalipira koposa onse ndipo timafa msanga kuposa ambiri a iwo. Zimenezi ndinkazidziwa kale, ndinkapatsa ana a sukulu mabuku omwewa. Ndiye bwanji ndinaziwerenganso? Mwina ndimafuna kupeza dziko loti ndilikwiyire bwinobwino. Aliyense wolemba ali ndi mbendera yake m'thumba. Wina amakonda boma, wina amaliopa, ndipo manambala amamvera mwini wake ngati galu.

Palibe lipoti limene lili ndi mzere wonena ngati wodwala anafa ali yekha.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Duane wabwera titaweruka kutchalitchi, ndi kakhadi ka loya uja wa pa zikwangwani za mumsewu waukulu. Chinkhope chachikulu, mano oyera mopitirira, manja opinda pachifuwa, nambala ya foni yosavuta kuloweza. Munthu amene amadikira ambulansi ngati khwangwala.

"Mlamu, anthu awa atiphera munthu," anatero. "Ndipo musawamvere chisoni, ndalama sizituluka m'thumba mwawo, chipatala chili ndi inshuwalansi yake."

Duane ameneyu anaterereka pa ayezi pakhomo pa sitolo ina zaka zapitazo, n'kusumira eni sitolo, ndalama zake n'kugula boti. Mpaka lero amatsimphina akaona anthu achilendo. Iyeyo ndi amene amadandaula kwambiri kuti maloya awononga dziko, kuti n'chifukwa chake madokotala amakuyeza chilichonse n'kukulipiritsa. Zonse ziwiri amazikhulupirira ndi mtima wonse.

Ndinamuuza kuti sindisumira munthu. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, apite kuchipatala akanditengere magalasi a Wendell ndi wotchi, chifukwa ine khomo lija sindingalowepo kawiri sabata imodzi. Anavomera msanga. Si munthu woipa. Analira pamene anaona nsapato za mkulu wake pakhonde.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Foni m'mawa. Mayi wa mawu osalala ngati batala, wochokera ku ofesi ina ya chipatala imene ntchito yake ndi kutchinga milandu. Kukumana kwa mawa kwaimitsidwa. Mpaka liti? Sangathe kunena. Chifukwa? Poti banja latchula loya, lamulo lawo n'lakuti dokotala, anamwino, ngakhale wokolopa, asayankhulenso nafe. Zonse zidzere kwa iye.

Banja liti?

Duane. Potenga magalasi, anamuchedwetsa pang'ono pa desiki, ndiye anamenya thebulo nati amva kwa loya wathu. Mtsikana wa pa desiki analemba mawuwo monga anamuphunzitsira. Loya amene tilibe.

Nditamuimbira anadabwa kuti ndakwiya. "Ndimangowaopseza kuti akupatseni ulemu, mlamu. Aliyense amanena zimenezo." Zoona. Aliyense amanena, kwa makanika, kwa aphunzitsi, kwa woyandikana naye nyumba chifukwa cha nthambi ya mtengo. Ana athu amaphunzira mawu amenewa asanadziwe kumanga nsapato.

Magalasi ali pathebulo. Galasi limodzi lili ndi chidindo cha chala chake. Sindipukuta.

Lolemba, 3 Malichi

Ndinalemba kalata ndi dzanja langa kuti sindidzasuma, sindikufuna ndalama, mlamu wanga anangolankhula mopusa. Yankho lafika lero. Akumva nane chisoni pa nthawi yovutayi. Chiganizo chochapidwa ndi maloya mpaka kutha mtundu. Mulibe dzina la Wendell.

Ndinamuimbira mayi wa batala uja. Anandifotokozera mofatsa, ngati kwa mwana, kuti lonjezo langa silimanga kanthu. Ndikhoza kusintha maganizo. Lamulo limandipatsa zaka zoti ndisume, ndipo zakazo zisanathe, dokotala walangizidwa kukhala chete. Ndinamuuza kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mtima wa mapiritsi. Anati akumvetsa mmene ndikumvera. Ndikukhulupirira kuti mawu amenewo ali pa kapepala komata pafoni yake.

Ndinawerengapo kuti ku New Zealand munthu akavulala m'chipatala amapita ku thumba la boma, osati kukhoti. Mwina kumeneko dokotala amatha kukhala pansi ndi mkazi wamasiye. Mwinanso nako ali ndi mayi wawo wa batala. Maxine waimba madzulo kundiuza kuti kwawo izi sizikanachitika. Ndinamufunsa ngati akudziwadi. Anati opaleshoni ya chiuno chake anaidikira chaka ndi miyezi, ndipo dokotala wake sanamuyang'anepo kumaso. Ndi koyamba kumva zoona kuchokera kutsidya.

Loweruka, 15 Malichi

Ndamuona Dokotala Kessler. M'supamaketi, pa malalanje. Wavala chipewa cha ubweya, wachepa thupi. Akanatha kuthawa ndisanamuone, koma anabwera.

"Mayi Pelkey, ndimakuganizirani tsiku lililonse. Andiletsa."

Ndinati sindikufunsa za mankhwala, kapena amene analakwa. Ndinafunsa funso langa, pamenepo, pakati pa anthu. Anayang'ana uku ndi uku ngati m'malalanje muli makutu. Ndinaona yankho lili m'kamwa mwake, ndinaliona ndithu. Kenako anati pepani, n'kusiya kangolo kake kodzaza zinthu, n'kutuluka.

Munthu wocheka mafupa a anthu ndi sowo, kuopa pepala. Ndinafuna kumunyoza ndipo ndinamunyozadi, ulendo wonse wobwerera kunyumba. Nditafika ndinakumbukira kuti ali ndi ana ku koleji, ndi inshuwalansi imene ingamutaye akatsegula pakamwa. Tamanga dziko limene munthu wabwino amathawa nkhalamba m'sitolo. Ndiye tizikangana kuti zipatala zathu zili ndi makina abwino kuposa a ku Canada.

Lachitatu, 26 Malichi

Ofesi ya loya wa pa chikwangwani. Duane anandiperekeza, atavala tayi. Mipando yachikopa, nsomba zamitundumitundu m'galasi. Mwini nkhope sanaoneke, anatitumiza kwa wachinyamata wina wonunkhira mafuta okwera mtengo. Anayamba ndi gawo limene iwo adzatenge tikapambana. Ananena kuti mlanduwu ndi wofooka, magazi oundana amachitika, koma chipatala chikhoza kupereka kenakake kuti tichoke.

Ndinamudula. Ndinafunsa ngati dokotala adzakakamizidwa kuyankha mafunso. Anati inde, atalumbira, m'chipinda, loya wake ali pambali, wina akulemba liwu lililonse. Ine ndingakhalepo? Ndingakhalepo. Liti? Mwina chaka chamawa.

Ndinamuuza funso langa. Anamwetulira mwaulemu. "Mayi, funso limenelo mulibe ndalama." Kenako anaganiza pang'ono, nati komabe ngati malemu anali maso ndipo anavutika, chipukuta misozi chimakwera. Duane anagwedeza mutu ngati wamva uthenga wabwino.

Ndinati alilembe poyamba, pamwamba pa mafunso onse, apo ayi ndikupita. Ndinatinso asavomere ndalama iliyonse dokotala asanayankhe. Analemba. Ndinasaina.

Duane amafuna tikadye nyama yowotcha. Ndakwera basi.

Ndasumira munthu amene mwina anamugwira dzanja Wendell pomaliza. Mwina. Ndikamva chaka chamawa, ngati mtima wangawu undifikitsako.