Kachilonda kakuda kakundipasulira banja

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo. Amuna anga amamanga mipanda ya waya m'mafamu a ng'ombe, ndipo amagonera komweko. Atabwera ulendo wapitawu sanakhalitse, anayamba kutentha thupi, kumva mutu waching'alang'ala ndi kuphwanya m'thupi. Kuchipatala anawayeza malungo koma sanawapeze.

Ndikuwapukuta ndi nsalu yonyowa, ndinaona kachilonda m'mphechepeche, kakuda pakati ngati pootchedwa ndi ndudu, kofiira m'mbali. Pafupi pake patupa mwanabere. Nditafunsa anakoka chofunda n'kunena kuti, "Ndi nkhupakupa, mayi, ndinaithothola kalekale." Nkhupakupa? Ine ndimaziona m'makutu mwa agalu! Nanga bwanji sanawaonetse adokotala? Akuti adokotalawo anali aakazi, ndiye anachita manyazi.

Akulu anga akuti, "Iwe usapusitsidwe, matenda amenewo anakawatenga kwa akazi." Ndasamukira kuchipinda cha ana. Chikwama ndalongedza, ndamasula, ndalongedzanso. Ndimawakonda, koma ndikamva akubuula ndimangopsa mtima. Kodi ndizipita kwathu?

E.N.

Mayi E.N.,

Chikwamacho chiikeni kaye pansi, muwapezere bambowo nsapato zopitira kuchipatala. Akudwala, ndipo inu ndi akulu anu mwaweruza mlandu wodwala asanayezedwe.

Inde, nkhupakupa zimaluma anthu. Zimadikira pa udzu umene ng'ombe zimadyapo, zimakwera m'buluku n'kukamatirira pobisika: m'mphechepeche, m'khwapa, m'chiuno. Zina zimanyamula mabakiteriya, ndipo zikamayamwa magazi zimawasiya m'thupi. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri munthu amatentha thupi, mutu ndi minofu zimawawa, pamene panalumidwapo pamachita nkhanambo yakuda, pafupi pake pamatupa mwanabere. Ena amatuluka totupa pakhungu. Zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi zimenezi, ndipo matendawa sapatsirana pogonana.

Komabe ine sindingayeze munthu pakalata. Bwererani kuchipatala lero, mulowe nonse. Auzeni adokotala ntchito ya amuna anu ndi za nkhupakupayo. Bambowo aonetse chilondacho, manyazi awasiye pakhomo. Ngati akufuna dokotala wamwamuna, apemphe. Popeza mtima ukukuvutani, pemphaninso kuti akuyezeni nonse matenda opatsirana pogonana. Mukatero mudziwa zoona, osati zongomva.

Akachira, akamapita kufamu azilowetsa buluku m'sokosi, ndipo azidzifufuza thupi lonse posamba. Nkhupakupa aziigwira ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono, osaitentha kapena kuifinya ndi zala.

Chenjezo langa ndi ili: musagule makapusozi pagolosale, ndipo musadikire kuti zitha zokha. Mankhwala oyenera alipo, koma kuchedwa kumakulitsa matenda. Za akulu anu, auzeni adikire zotsatira. Mwina amene walowerera banja lanu ndi nkhupakupa ya miyendo isanu ndi itatu, ndipo ameneyo sathetsera ukwati.

Aphungu