Akufuna Mkanjo wa a Jaji

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Pepani kuti ndikukusokonezani pa mpumulo wanu, koma nkhani iyi sindingaimalize ndekha.

Kuno ku lokeshoni yathu ya Unit L tilipo. Esinati wabereka mwana wamkazi. Madzi akuvutabe, tikumaima pamzere ku mjigo.

A Jaji aja munawagwirira ntchito zaka zonse zija anamwalira mwezi watha. Pa wailesi anawatamanda tsiku lonse, kuti anali mmodzi mwa akazi oyamba kuweruza m'khoti lalikulu, amuna akuwaseka. Sindikutsutsa. Amalume atafuna kutilanda nyumba ino bambo atamwalira, a Jaji ndiwo anakuuzani ofesi yoti mupite ndi mawu oti mukanene. Mwana wanga Tamanda akuti adzakhala loya chifukwa cha iwo.

Koma Lachiwiri kunabwera mwana wawo wamkazi, uja munkagona naye m'chipatala akadwala chifuwa. Anandipatsa kabuku ka nyaradzo, mwambo wowakumbukira umene uchitike Loweruka. Ndakawerenga katatu, chala pamzere, Tamanda akundithandiza Chingerezi. Alembamo kuti a Jaji analera okha ana anayi uku akuweruza milandu. Okha, Amayi! Dzina la galu wawo lilimo. Lanu mulibe.

Nanga ine ndinalekeranji sukulu Giredi 7? Si kuti ndilere Yohane ndi Esinati, poti inu munkabwera Lamlungu lokha, n'kuthamangiranso kombi, minibasi ija, dzuwa lisanalowe?

Chimene mwana wa a Jajiyo anadzera ndi mkanjo wakuda uja, woyamba, umene a Jaji anakupatsani atapuma ntchito. Akufuna akauike m'bokosi la galasi kuti anthu aziuona. Anandifunsa m'Chishona ngati "musikana webasa" uja anausunga bwino. Inu Amayi, munamwalira ndi imvi, mukadali mtsikana wantchito! Ndinati, "Sisi, dzina lawo anali ndani?" Anayang'ana pafoni.

Mkanjowo uli m'sutukesi mwanu, ulibe ngakhale kabowo ka njenjete. Ndimausita chotembenuza, nsalu yonyowa pamwamba, monga munandiphunzitsira. Paja munkati, "Pakapezeka khwinya limodzi sanyoza wosita, anyoza akazi tonse." Ulemu umene a Jaji ankaimirira nawo m'khoti unkachokera m'manja mwanu.

Mwana wawo uja ndinamuuza kuti abwerenso Lachisanu. Mtima wanga ukuti ndikane. Koma mkanjo ndi wanu, a Jaji munkawakonda, ndipo ndikuopa kukuchititsani manyazi kumeneko ngati mwakumana nawo kale. Ndalemba dzina lanu pa pepala, m'zilembo zikuluzikulu: ANAUSITA NDI ELUBE BANDA. Ndikufuna pepalalo likakhale m'galasi momwemo.

Chonde ndiyankheni lisanafike Lachisanu, ngakhale kumaloto. Mukangokhala chete ndidziwa kuti mwavomera, ndipo ndikukulonjezani kuti popanda pepalalo mkanjo sutuluka pakhomo pano.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fales